Kuseri kwa mchenga woyera wa pa Chintheche kuli zipsera

Abale anzanga, munthu akatchula Chintheche kapena Kande, ambiri a inu m'maganizo mumabwera mchenga woyera ngati ufa, azungu atagona padzuwa ngati abuluzi, batala wootcha ndi kondowole wa nthunzi zake. Zonsezo n'zoona, ine ndadya ndipo ndakhuta. Koma pa ulendo uno ndabwerako ndi nkhani ina yomwe simungaione pa zithunzi zokopa alendo zija. Ndi nkhani ya madzi otentha, ndi zomwe madziwo akuchita pa manja, miyendo ndi zifuwa za amayi omwe amaphika thobwa, kufulula masese ndi kutcheza kachasu m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay.

Ndidanyamuka ku Mzuzu m'mawa pa minibasi, tili mothithikana ngati usipa m'dengu. Msewu umatsetsereka mokhotakhota, kuzizira kwa ku Mzuzu kumatsalira m'mwamba, ndipo pofika pa Mpamba jekete imayamba kulemera. Pamenepa ndidatsika. Pa Mpamba ndi pa msika wa nthochi, zinanazi, mbatata ndi chinangwa, ndipo galimoto ikangoima amayi amaizungulira ndi mabeseni pamutu. Ine ludzu lidandikokera kwa mayi wina yemwe adali ndi ndowa ya thobwa pansi pa mtengo wa mango.

"Mwe uli, ama?" ndidayesa Chitonga changa chopempha. Adaseka, nayankha kuti ali umampha, kenaka n'kundichitira chisoni posinthira ku Chichewa. Pondipatsira botolo ndidaona kuti mkono wawo wamanja, kuyambira pa chikhato mpaka pa chigongono, khungu lake lidali lonyezimira, loyezuka, lokokana ngati pepala la pulasitiki lomwe layandikira moto.

"Musadabwe, ada, ndi thobwa yemweyu," adatero. "Ndinkaphula mphika waukulu wa phala, chogwirira chidaduka. Miyezi iwiri sindidagulitse kanthu, ana adasiya kaye sukulu."

Amene adaphikapo thobwa akudziwa kuti phala lake ndi loopsa kuposa madzi. Madzi akakugwera amayenderera n'kutsika, koma phala limamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuotcha. Ukati ulipukute ndi dzanja, dzanjalo nalo lapsa. Mayiwa sadadandaulire munthu aliyense, chifukwa adalibe bwana. Iwo eni ndiwo kampani, ndiwo wantchito, ndiwonso wolipira mankhwala.

Kuchoka pa Mpamba ndidakwera matola olowera kumwera pa msewu wa M5. Mumadutsa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya Vizara, momwe mumakhala kamdima ngakhale masana, anyamata akudumphitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Mumaoloka mtsinje wa Luweya, ndipo patsogolo pake mumafika pa Chintheche, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa boma la Nkhata Bay.

Achikulire a pa Chintheche akakhala pansi amakumbutsana zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti kale, m'nthawi ya atsamunda, boma lidali pompano lisadasamukire ku Nkhata Bay. Chachiwiri ndi fakitale ya mapepala. M'zaka za m'ma 1970 boma lidali ndi mapulani omanga chifakitale chachikulu pa Chintheche, choti chidzigaya mitengo ya paini ya ku Chikangawa. Mitengo idadzalidwa, idakula, koma fakitale sidabwere mpaka lero. Ntchito zomwe anthu ankayembekeza zidathera m'mapepala omwewo. Abambo adapitiriza zomwe adayamba agogo awo, kupita ku Joni kukasaka ndalama, ena kusanduka matchona. Otsala adagwira nkhafi ndi chilimira. Nanga amayi? Amayi adatsegula mafakitale awoawo kuseri kwa nyumba, opanda geti, opanda mlonda, opanda chikwangwani.

Imodzi mwa mafakitale amenewa ndidaiona m'mudzi wina kufupi ndi Kande, kumtunda kwa msewu, komwe alendo a ku malo ogona a kunyanja safikako. Mudziwo sindiutchula, mayi wake sindimutchula, pa zifukwa zomwe muzimvetsa mukawerenga mpaka kumapeto. Adandiuza kuti ndifike tambala woyamba akalira, chifukwa ntchito imeneyi siyidikira dzuwa.

Kwa inu omwe mumangouona kachasu ali kale m'velemoti, tamverani m'mene amatulukira. Amayamba aviika madeya ndi shuga m'madzi, n'kusiya masiku angapo kuti ziwire. Zikapsa amazithira mu mgolo wachitsulo, n'kuukhazika pa mafuwa, pansi moto wa nkhuni. Pakamwa pa mgolo amavundikira ndi kumata bwinobwino kuti nthunzi isathawe. Kuchokera pamenepo pamatuluka paipi yomwe imadutsa m'chomwera cha mtengo chosemedwa ngati kabwato, chodzaza ndi madzi ozizira. Nthunzi ikamadutsa m'paipimo imazizira n'kusanduka madontho, ndipo madonthowo ndiwo amagwera m'botolo. Woyamba kutuluka ndi uja amati mutu, wogwetsa ndi amuna amphamvu omwe. Dzina loti kachasu lenilenilo akuti lidachokera ku mawu a Chipwitikizi oti cachaça. Asayansi amati mowa umayamba kusanduka nthunzi pa madigiri 78, pomwe madzi amadikira kufika cha pa 100. Nzeru yonse ya kutcheza yagona pa kusiyana kumeneku, ndipo amayiwa amaidziwa ndi maso ndi makutu, popanda chopimira.

Tsono nditakhala pa chitsa n'kumayang'ana, ndidaona malo atatu pomwe ngozi imabisala.

Poyamba ndi pa madzi oziziritsira aja. Sakhalitsa ozizira. Pakapita kanthawi amatentha mpaka kufuka nthunzi, ndipo akapanda kusinthidwa kachasu amasiya kudontha. Ndiye mayi amawatunga ndi chikho kapena kambale, kuwataya pambali, kuthiramo ena, ndipo amatero kambirimbiri mpaka mgolo uthe. Pansi ponse pamasanduka matope oterera. Iye ali chosavala nsapato kapena pa mapatapata. Musaganize kuti madzi amayenera kuwira kuti aotche munthu. Madzi a madigiri 60 okha amawononga khungu la munthu wamkulu m'masekondi ochepa, ndipo la mwana, poti ndi lopyapyala, limapsa msanga kuposa apo.

Pachiwiri ndi pa chivundikiro. Moto ukachuluka, zam'kati zimafufuma n'kutseka paipi. Nthunzi ikasowa potulukira imadzipezera khomo yokha, imaphulitsa pomata paja, ndipo amene wawerama kuti asonkhezere nkhuni ndi amene amalandira kumaso ndi pachifuwa. Onjezani kuti mutu wa kachasu umayaka ngati parafini ukatayikira pamoto.

Pachitatu, ndipo apa ndi pomwe amayi adati pamapweteka ambiri, ndi pokhuthula. Kachasu akatha kudontha, mu mgolo mumatsala chiphala chotentha chodzaza theka. Nkhuni n'zodula ndipo moto sufunika kuzima, choncho palibe yemwe amadikira kuti chizizire. Anthu awiri amaugwira mgolowo ndi zisanza, kuupendeketsa, kuukokera ku dzenje. Fuwa limodzi likagwedezeka, kapena mmodzi akaterereka pa matope aja, zonse zimathera m'miyendo. Chitenje chimamwa chiphalacho n'kuchigwirizira pathupi. Ndipo dzenje lotayiramo lija nthawi zambiri limakhala losavundikira, pabwalo pomwe ana akukwawa.

Zonsezi zikuchitika mumdima, pa kuwala kwa moto ndi katochi ka pa foni, mwana ali kumsana.

Mwini fakitaleyo ndi mayi wamasiye wolera ana ake ndi a malemu mchemwali wake. Adandionetsa phazi lake lamanzere, zala ziwiri zidamatana. Koma nkhani yomwe idamulemera adaikamba moyang'ana pansi. Chaka china adalemba mtsikana waganyu woti azimuthandiza kutunga madzi ndi kukhuthula. Tsiku lina mgolo udapendekeka, mtsikanayo adapsa ntchafu zonse ziwiri.

"Mudathamangira naye kuchipatala?" ndidafunsa.

"Ada, tikadakanena kuti chiyani kumeneko? Kuti timatcheza kachasu? Tidamupaka dzira ndi mankhwala otsukira mano, tidamugoneka m'nyumba. Tsiku lachinayi bala lidayamba kununkha, thupi lidatentha, m'pomwe tidapita naye. Tidati adagwera madzi osamba."

Mtsikanayo adachira, koma akuti mwendo umodzi suwongoka bwino chifukwa khungu la kuseri kwa bondo lidakokana. M'buku la kuchipatala adalembedwa ngati munthu wopsa ndi madzi osamba. Mwaonatu m'mene nkhaniyi imasowera? Ngozi ya pantchito imalowa m'kaundula ngati ngozi ya pakhomo, ndipo akuluakulu akakhala ku Lilongwe kuwerengera anthu ovulala pantchito, amayi a kunyanjawa mulibemo.

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti sindikuikira kumbuyo kachasu. Tonse tidaikapo m'manda abale omwe adawamaliza ndi jang'ala. Tikudziwa mabanja omwe adapasuka, malipiro omwe adathera pa velemoti. Pamalamulo kachasu si mowa wovomerezeka, ngakhale mfumu, wapolisi ndi mkulu wa mpingo onse akudziwa khomo lomwe umatchezedwa. Koma funso langa ndi ili: kodi mtsikana waganyu uja, amene ankafuna ndalama ya sopo, adayenera kugona masiku anayi ndi bala lowola chifukwa choopa kufunsidwa? Nanga mayi wa thobwa wa pa Mpamba uja, amene malonda ake alibe mlandu ndi munthu, iye adalakwira yani?

Pobwerera kumpoto kuchoka ku Kande ndidatsika pa Bandawe, m'dera la mfumu yaikulu Malengamzoma. Apa ndi pomwe Dr Robert Laws ndi amishoni a Livingstonia adasamukira m'chaka cha 1881 atachoka ku Cape Maclear, asadakwere ku Khondowe mu 1894. Sukulu za amishoniwa ndizo zidapangitsa Atonga kukhala makalaliki ndi makapitawo m'migodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa. Pafupi pomwepa pali mudzi wa Chifira, kwawo kwa Clements Kadalie, yemwe adabadwa mu 1896. Mwana wa kunyanja ameneyu ndi amene mu 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu mzinda wa Cape Town, natsogolera sitalaka ya ogwira ntchito padoko chaka chomwecho. Pofika 1927 bungwelo lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo azungu a kumeneko ankagona tulo ta mantha. Adamwalira mu 1951 ku East London.

Nditaima pamenepo, ndikuyang'ana phiri la Makuzi ndi nyanja ili phee, ndidadzifunsa kuti Kadalie akadadzuka lero n'kuyenda m'midzi ya kwawo komweku mbandakucha, akadati chiyani? Munthu adakamenyera ufulu wa onyamula katundu ku Cape Town, koma adzukulu ake aakazi akupsa pantchito popanda ndi mmodzi yemwe wowalemba dzina.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino ndithu. Matipate atabwera, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 1997 lamulo loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pamalo a ntchito. Lamuloli limati bwana apereke zovala zodzitetezera, pakhale bokosi la chithandizo choyamba, maboila a nthunzi aziyesedwa ndi akatswiri, ndipo ngozi ikachitika ikanenedwe ku boma. Mu 2000 kudabweranso lamulo la chipepeso kwa wantchito wovulala. M'mafakitale olembetsedwa, kaya ndi ya tiyi ya ku Kawalazi m'boma lomwe lino, kaya ndi ya mowa ya ku Blantyre yomwe Carlsberg idatsegula mu 1968, nthunzi ndi madzi otentha ziliko, koma wantchito ali ndi nambala, ali ndi bwana, ali ndi ofesi ya leba yokadandaulako. Mayi wa ku Kande bwana wake ndani? Mwana wothandiza amake kukhuthula mgolo, lamulo limamuona ngati mwana wa pakhomo chabe. Ukonde wa lamulo maso ake ndi aakulu, umagwira kampango, usipa umangodutsa.

Kuti ndione mbali ina ya vutoli, ndidabwerera pa doko la Nkhata Bay n'kukwera boti lopita kumpoto, ku Usisya. Amene simudafikeko, Usisya ndi kachigwa kokongola kopanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja, kwawo kwa malemu Kanyama Chiume. Njira zofikira kumeneko ndi ziwiri: pamadzi, kaya pa boti kaya pa Ilala, sitima ija idayamba kuyenda mu 1951, kapena pa msewu wotsetsereka m'mapiri womwe nthawi ya dzinja madalaivala amautchula mopempherera. Kumenekonso asodzi akabwera ku usodzi amafuna chakumwa, ndipo migolo ili pamoto monga ku Kande.

Tangoganizani munthu wapsa theka la thupi ku Usisya usiku, mvula ikugwa, mwera uli panyanja. Chipatala chaching'ono chilipo, monganso pa Kande, pa Mpamba ndi chokulirapo cha pa Chintheche, ndipo anamwino amachita zomwe angathe, kutsuka, kumanga, kuika diripi. Koma bala lalikulu la moto limafuna zambiri: madzi ochuluka a m'mitsempha, magazi, chakudya chabwino, ndipo nthawi zina opaleshoni yotenga khungu pena n'kukaika pena. Wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Nkhata Bay, kenaka ku Mzuzu Central. Mawodi odziwika a anthu opsa ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe adatsegula mu 1993, ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe adatsegula mu 2011. Kuchoka pa Chintheche kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ku Blantyre opitirira 500. Transipoti ya wodwala ndi womudikirira itha kumeza phindu la migolo ya chaka chonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'mayiko osauka ngati lathu lino.

N'chifukwa chake zomwe zichitike m'mphindi zoyambirira, pakhomo pomwepo, ndizo zimagamula mlandu. Ndipo apa pali chinthu chondiwawa mtima. Mankhwala oyamba a kupsa ndi madzi ozizira, basi. Anthu a ku Usisya, Chintheche ndi Kande akukhala m'mbali mwa nyanja yaikulu chonchi, mijigo ilipo, komabe munthu akapsa timathamangira dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, ena dothi, ena inki. Zonsezi sizichotsa kutentha komwe kukudyabe mnofu m'kati, ndipo zina zimalowetsa tizilombo pabala.

Ndiye inu owerenga, dulani ndime iyi mukaimate pakhoma. Munthu akapsa ndi madzi, phala kapena nthunzi, muchotseni chitenje kapena malaya onyowawo msanga, pokhapokha ngati amatirira pakhungu. Muvuleni mphete ndi zibangili thupi lisanatupe. Thirani madzi ozizira aukhondo, a pa mjigo kapena pa mpopi, mosalekeza kwa mphindi 20, osati kungowaza kamodzi. Ayezi ayi. Mbali zina za thupi zomwe sizidapse muzifunditse, makamaka akakhala mwana, kuti asazizidwe. Matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yochapa bwino. Ngati bala laposa chikhato cha wopsayo, kapena lili kumaso, m'manja, m'mapazi, kumaliseche kapena popindika mwendo ndi mkono, kapena wopsayo ndi mwana, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mukafika kanenani zoona.

Kupewa nako sikufuna ndalama za mabungwe akunja. Mgolo ukhale pa njerwa zomangidwa, osati pa miyala yogwedera. Malo a moto atchingidwe ndi kampanda ka bango kuti mwana asafike, ndipo mwana wa kumsana atsitsidwe. Chikho chotungira madzi otentha chikhale cha mpini wautali, ndipo pakumbidwe kangalande kuti pansi pasakhale matope. Chiphala chotsala chizizire kaye, kapena chichotsedwe ndi chikho pang'onopang'ono m'malo mopendeketsa mgolo wonse. Dzenje livundikiridwe. Amene angakwanitse jombo agule, koma amvetse izi: jombo yotseguka kumwamba ndi msampha, madzi otentha akalowamo phazi limaphikika. N'chifukwa chake m'mafakitale buluku kapena epuloni imavalidwa pamwamba pa jombo, osati kupisira m'kati.

Tsono mawu anga apite kwa eni mphamvu. Inu mafumu a kwa Fukamapiri, kwa Malengamzoma, kwa Timbiri ndi kwa M'bwana, makomo amenewa mukuwadziwa, itanani amayiwa pabwalo mukambirane za mipanda ndi maenje. Inu alangizi a zaumoyo, mukamayenda kuphunzitsa za zimbudzi ndi katemera, onjezanipo mphindi zisanu za madzi ozizira. Inu a kuchipatala, mufunseni wodwala mwachifundo chomwe chidamuotcha, mulembe zoona, ndipo adziwe kuti wabwera kwa dokotala osati ku khoti. Inu azibusa, dzudzulani mowa paguwa monga mwa ntchito yanu, koma mukatsika kazondeni wopsayo, ndi nkhosa yanu yomwe. Ndipo inu aphungu ndi makhansala, mumabwera ndi zitenje nthawi ya kampeni, tabweraniko ndi ngongole zoti mayi wamasiye athe kusankha bizinesi ina ngati afuna.

Nanunso abambo omwe mumakhala pa benchi madzulo n'kumaitanitsa wina wa mutu, tayang'anani kaye dzanja lomwe likukuthirirani. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa wopendeketsa mgolo akhoza kukhala mlongo wanu kapena mwana wanu wamkazi.